Yakhal' Inkomo: ng'ombe imene inalira m'lipenga la Mankunku

Mlimi aliyense woweta ng'ombe, kaya ndi wa ku Zóbuè, ku Kambulatsitsi kapena tsidya lina la malire ku Mwanza, amadziwa zimene zimachitika ng'ombe ikaphedwa pafupi ndi khola. Zinzake zikanunkhiza magazi zimaunjikana pamalopo, zimapalasa dothi ndi ziboda, kenako zimayamba kulira. Si kulira kwa njala kapena kwa ludzu ayi. Munthu amene anakumvapo sangakusokoneze ndi kulira kwina kulikonse.

Mu Julayi 1968, mnyamata wa zaka 25 wochokera ku Cape Town, m'dziko la South Africa, anatenga kulira kumeneku n'kukuika m'chida chake choimbira. Dzina lake anali Winston Mankunku Ngozi, chida chake chinali sakisofoni ya tenor, ndipo chimbale chimene anajambula ndi anzake atatu chinatchedwa Yakhal' Inkomo. Kwawoko chimbalechi ndi chimodzi mwa zimbale za jazi zimene zinagulidwa kwambiri. Koma kunja kwa dzikolo, ngakhale kuno kwathu kumene tinagundana nawo malire, anthu ambiri sanamvepo dzina la Mankunku, pamene la Hugh Masekela kapena la Miriam Makeba amalidziwa bwino.

Lero tikufotokozerani za chida chimenechi, mmene anthu anayi amaimbira limodzi m'jazi, chimene chinabisa dzina la katswiriyu, komanso phunziro limene nkhani yake ikutipatsa ife a m'chigawo cha Tete pa nyimbo zathu.

Thupi lamkuwa, mawu a bango

Sakisofoni ndi chida chouzira ndi pakamwa. Anachipanga ndi Adolphe Sax wa ku Belgium, amene analembetsa luso lakeli ku Paris mu 1846. Thupi lake ndi lamkuwa, lopindika ngati kaliwo wa fodya, ndipo lili ndi mabowo opitirira 20 amene woimba amatseka ndi kutsegula pokanikiza timabatani ndi zala. Koma mawu sayambira mu mkuwamo. Pamene woimba amaika milomo pamakhala kachidutswa ka bango, kosemedwa mopyapyala ngati chikhadabo. Mpweya ukadutsa, kabangoko kamanjenjemera, ndipo mkuwa uja umangokuza mawuwo ndi kuwaumba. Aliyense amene ali mwana anang'ambapo phesi la nkhwani n'kuliuzira kuti lilire akudziwa kale chinsinsi chake.

Masakisofoni alipo a misinkhu yosiyana, monga mmene zimakhalira m'kwaya ya kutchalitchi: soprano, alto, tenor ndi baritone. Ya tenor ndi imene mawu ake amayandikira kwambiri mawu a munthu wamkulu wamwamuna. Imatha kunong'ona, kudandaula, kukalipa, ngakhale kubangula. N'chifukwa chake oimba jazi anaikonda. Coleman Hawkins wa ku America ndi amene anaonetsa dziko mphamvu zake, makamaka pamene anajambula "Body and Soul" mu 1939. Pambuyo pake panabwera Lester Young, Sonny Rollins ndi John Coltrane.

Jaziyo inabadwira pakati pa anthu akuda a ku America, adzukulu a akapolo, mumzinda wa New Orleans kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kum'mwera kwa Africa kuno inafika kudzera m'zimbale za galamafoni, m'makanema ndi pawailesi, ndipo inakumana ndi nyimbo za m'makomboni monga marabi ndi kwela. Anthu opita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Salisbury ankabwerera nazo kumudzi. Ku Chileka m'dziko la Malawi, Daniel ndi Donald Kachamba anatchuka ndi kwela ya gitala ndi chitoliro. Choncho jazi si mlendo weniweni m'makutu mwathu, ngakhale ambiri timaiona ngati nyimbo ya m'mahotela a ku Maputo.

Anthu anayi, ntchito zinayi

Gulu la oimba anayi pa Chipwitikizi timati quarteto. M'jazi, kawirikawiri limakhala ndi sakisofoni, piyano, besi ndi ng'oma, ndipo chida chilichonse chili ndi ntchito yake.

Besi yake si gitala yamagetsi imene timaiona m'mabandi a masiku ano. Ndi chida chachikulu chathabwa, chotalika ngati munthu, chokhala ndi nsambo zinayi zimene amazikoka ndi zala. Besi ndiye mzati wa nyumba: imagwira liwiro la nyimbo ndi kusonyeza kumene ikulowera. Woimba ng'oma amakhala pansi pakati pa ng'oma zingapo ndi mbale zachitsulo, ndipo amagwiritsa ntchito manja onse ndi mapazi onse. Piyano imayala mawu ogwirizana amene nyimbo imayendapo, n'kumayankha wa sakisofoni pamene wapuma. Wa sakisofoni ndiye wotsogolera, ngati mayi amene amayambitsa nyimbo pamtondo anzake n'kumavomera.

Chimene chimasiyanitsa jazi ndi nyimbo zina zambiri n'chakuti mbali yaikulu ya nyimbo siikhala yolembedwa kapena yoloweza. Oimba amayamba ndi mutu wa nyimbo, kanyimbo kafupi kamene onse akukadziwa. Akatero, mmodzi amatenga mutuwo n'kuyamba kupeka zake pomwepo, anzake akumugwirira liwiro. Akamaliza amapatsira mnzake. Pomaliza onse amabwerera ku mutu uja n'kutseka.

Amene anaonerapo Gule Wamkulu ku Angónia, ku Macanga kapena ku Dedza sangadabwe nazo. Ng'oma zina zimagwira mayendedwe amodzi osasintha, pamene woomba mbalule amayang'ana mapazi a gule n'kumasintha kaombedwe molingana ndi zimene akuona. Akaomba mawa, sadzaomba chimodzimodzi. Nawonso Anyungwe ovina nyanga amadziwa kuti munthu mmodzi amagwira timabango towerengeka chabe, ndipo nyimbo imatuluka pokhapokha aliyense akaika mawu ake pampata umene mnzake wasiya. Jazi ya anthu anayi imayenda chimodzimodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mmodzi akasiya kumvera anzake, nyimbo yonse imagwa.

Kuchokera ku Retreat kupita ku Gugulethu

Winston Monwabisi Ngozi anabadwa mu 1943 ku Retreat, dera lina la mzinda wa Cape Town. Ali mwana anayesa piyano ndi lipenga la trumpet asanakhazikike pa sakisofoni ya tenor. Pa nthawiyo ku Retreat kunkakhala anthu a mitundu yosiyanasiyana. Koma boma la tsankho la apartheid, pogwiritsa ntchito lamulo la Group Areas Act, linagawa malo okhala potengera khungu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 banja la Ngozi linasamutsidwa mokakamiza kupita ku Gugulethu, komboni ya anthu akuda kunja kwa mzinda.

Zinali zaka zowawa. Pa 21 Marichi 1960 apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville pa zionetsero zokana ziphaso zoyendera. Zipani za ANC ndi PAC zinaletsedwa chaka chomwecho. Mu 1964 Nelson Mandela ndi anzake anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse, ndipo anawatsekera pa chilumba cha Robben Island, chimene chimaoneka munthu ukaima m'mbali mwa nyanja ku Cape Town. Mu 1966 dera la District Six, kumene oimba ambiri ankakumana, linalengezedwa kuti ndi la azungu okha.

Malamulowa anafika mpaka pa nsanja yoimbira. Munthu wakuda sankaloledwa kuimba limodzi ndi azungu pamaso pa anthu. Nkhani yodziwika kwambiri pa moyo wa Mankunku ndi ya tsiku limene anaimba ndi bandi ya azungu mu holo yaikulu ya mzinda wa Cape Town. Anamuimika kuseri kwa katani kuti anthu amve sakisofoni yake koma asaone nkhope yake, ndipo dzina lake analisintha kukhala Winston Mann kuti limveke lachizungu. Luso lake ankalifuna, koma mwini lusoyo sankamufuna.

Mphunzitsi wake wamkulu sanakumane naye maso ndi maso. Anali John Coltrane, amene Mankunku ankamvetsera zimbale zake mobwerezabwereza. Coltrane anali ndi gulu lake la anthu anayi, pamodzi ndi McCoy Tyner pa piyano, Jimmy Garrison pa besi ndi Elvin Jones pa ng'oma, ndipo ankaimba ngati munthu amene akupemphera. Anamwalira pa 17 Julayi 1967 ali ndi zaka 40 zokha.

Tsiku limodzi mu situdiyo

Patangotha chaka chimodzi Coltrane atamwalira, Mankunku analowa mu situdiyo ku Johannesburg ndi anzake atatu. Pa piyano panali Lionel Pillay wa ku Durban, amene malamulo a tsankho ankamuika m'gulu la Amwenye. Pa besi panali Agrippa Magwaza, ndipo pa ng'oma panali Early Mabuza, mmodzi mwa oomba ng'oma olemekezeka a nthawiyo. Amene anayendetsa ntchito yojambula anali Ray Nkwe.

Masiku ano woimba wa ku Moatize amatha kulowa mu situdiyo yekha, kompyuta n'kumupangira ng'oma ndi besi, iye n'kuika mawu mzere umodziumodzi mpaka zitakhala bwino. Jazi ya nthawi imeneyo siinkajambulidwa choncho. Onse anayi ankaimbira limodzi, akuonana ndi kumverana, tepi ikuzungulira. Ngati wina waphonya, kawirikawiri panali njira ziwiri: kuyambiranso nyimbo yonse kapena kusiya momwemo. N'chifukwa chake chimbalechi, ngakhale sichinajambulidwe pamaso pa khamu la anthu, chimamveka ngati chimene timati ao vivo. Zimene mukumva ndi zimene zinachitikadi m'chipindamo tsiku limenelo.

Nyimbo zake ndi zinayi zokha. Ziwiri ndi zopeka Mankunku mwini: "Yakhal' Inkomo" ndi "Dedication", imene anaipereka kwa Coltrane, amene iye ankamutcha Daddy Trane, kunena kuti bambo. Zina ziwirizo ndi za ku America: "Doodlin'" ya Horace Silver, katswiri wa piyano amene bambo ake anachokera ku Cabo Verde, ndi "Bessie's Blues" ya Coltrane yemwe uja. Kasankhidwe kameneka kali ngati kunena kuti: ndaphunzira za akuluakulu anga, ndikutha kuziimba, koma ndili nazonso zanga za kwathu. Chimbale chitatuluka chinagulidwa kwambiri, ndipo Mankunku analandira mphoto ya woimba jazi wopambana wa chakacho.

Dzina la nyimbo

Mawu akuti "yakhal' inkomo" ndi a Chixhosa ndi Chizulu, ndipo amatanthauza kuti "yalira ng'ombe". Khutu la Mchewa likhoza kusokonezeka, chifukwa kwa ife "kukhala" ndi kukhala pansi kapena kukhala pamudzi, pamene kwa iwo "ukukhala" ndi kulira. Pa Mankunku matanthauzo onse awiri amagwira: analira, ndiponso anakhala kwawo osachoka.

M'nyimboyi mulibe mawu oimba ngakhale amodzi. Apa ndi pamene panagona mphamvu yake. Boma la tsankho linali ndi anthu amene ntchito yawo inali kumvetsera mawu a nyimbo n'kuletsa zimene zikudzudzula boma. Nanga nyimbo yopanda mawu, yokhala ndi dzina la chiweto, mungailetse pa mlandu wanji? Koma anthu a ku Soweto, ku Langa ndi ku Gugulethu sanafunike womasulira. Anadziwa kuti ng'ombe zimene zikulira poona zinzawo zikuphedwa ndi iwo amene.

Wolemba ndakatulo Mongane Wally Serote anatenga dzina lomweli n'kulipatsa buku lake loyamba la ndakatulo, limene linatuluka mu 1972 n'kupambana mphoto ya Ingrid Jonker. Mu 2016 mtolankhani Percy Mabandu analemba buku lathunthu lofotokoza nyimbo imodzi yokhayi. Oimba achinyamata a ku South Africa akuiimbabe mpaka lero.

Ndi bwino kukumbukira zimene zinkachitika kuno chaka chomwecho. Mu Marichi 1968 FRELIMO inatsegulanso nkhondo yomenyera ufulu m'chigawo cha Tete. M'zaka zotsatira boma la atsamunda linakusa anthu ambiri kuwachotsa m'midzi yawo n'kuwaika m'ma aldeamento, ndipo pa 16 Disembala 1972 kunachitika kupha anthu kwa ku Wiriyamu. Agogo athu sanamve chimbale cha Mankunku pa nthawiyo, koma kulira kumene kuli m'menemo akanakuzindikira.

Ochoka ndi otsala

Nanga n'chifukwa chiyani munthu waluso chotere sanatchuke kunja? Yankho lalikulu n'lakuti sanachoke.

Oimba ambiri a msinkhu wake anathawa. Miriam Makeba anachoka mu 1959, Hugh Masekela mu 1960, Dollar Brand, amene pambuyo pake anadzatchedwa Abdullah Ibrahim, mu 1962, ndipo gulu la Blue Notes linachoka mu 1964. Kunjako anapeza makampani akuluakulu a zimbale, manyuzipepala ndi mawailesi ofika dziko lonse. Mwezi womwewo wa Julayi 1968 umene Mankunku ankajambula ng'ombe yolira ku Johannesburg, nyimbo ya Masekela yotchedwa "Grazing in the Grass", imene dzina lake likunena za ziweto zikudya msipu, inali pa nambala 1 m'dziko la America. Anthu awiri a dziko limodzi, mwezi umodzi: wina dziko lonse likumuvinira, wina akumveka m'makomboni a kwawo okha.

Zimbale zojambulidwa mkati mwa South Africa zinkavuta kufika kunja, makamaka pamene mayiko anayamba kusala dzikolo chifukwa cha tsankho. Kusalako kunali ndi cholinga chabwino, koma kunatsekeranso m'khola oimba akuda amene anatsala. M'dzikomo, malo oimbira jazi ankatsekedwa, ndipo kuyenda usiku kunkafuna chiphaso.

Panalinso nkhani ya ndalama. Ngakhale chimbale chinagulidwa kwambiri, Mankunku anapezapo zochepa. Mlimi wa mbatatesi kapena wa nyemba wa ku Zóbuè amene amagulitsa thumba pamtengo wolira pamsewu, kenako n'kumva mtengo umene thumba lomwelo lagulidwira mumzinda wa Tete kapena ku Beira, akumvetsa bwino nkhaniyi. Wolima ndi wina, wodyerera ndi wina. Atajambula chimbale china chotchedwa Spring mu 1969 ndi gulu la Chris Schilder, Mankunku anatha zaka zambiri akutulutsa zimbale mwa apo ndi apo chabe. Pamene anabwereranso mu 1986 ndi chimbale cha Jika, pamodzi ndi woimba piyano Mike Perry, anachitulutsa pa kampani yawoyawo imene anaitcha Nkomo Records. Pambuyo pake anatulutsa Dudula, Molo Africa ndi Abantwana be Afrika.

Tisaweruze kuti otsala ndiwo anali olimba mtima kuposa ochoka. Ife a m'malire timadziwa kuti nkhani yotere ilibe wopambana. Pa nkhondo ya zaka 16, anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri a iwo ochokera m'chigawo chathu chino, ndipo anabwerera pambuyo pa pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992. Ena anatsala m'mapiri ndi m'tchire. Onse analipira mtengo wake. Mwa oimba a Blue Notes, Mongezi Feza anamwalirira ku London mu 1975, Johnny Dyani ku Berlin mu 1986, ndipo Dudu Pukwana ku London mu 1990, onse asanaone ufulu wa dziko lawo. Mankunku anauona ufuluwo mu 1994. Anamwalira ku Cape Town pa 13 Okutobala 2009 ali ndi zaka 66. Akulu amati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, koma mtengo wa kukhala kwanuko nthawi zina ndi kusadziwika.

Munthu wa tepi pakona

Woimba jazi amadziwika bwino pamene akuimba pamaso pa anthu. Mu situdiyo amayang'ana nthawi, chifukwa mbali imodzi ya chimbale chakale inkangokwana mphindi pafupifupi 20. Pamaso pa anthu amatha kutambasula nyimbo imodzi mpaka pamene mtima wakhutira, ndipo anthu akakuwa momulimbikitsa, amafika pamene mu situdiyo sakanafika. Vuto n'lakuti nyimbo yopekedwa pomwepo imathera pomwepo. Ngati palibe wojambula, yapita.

Ku America makampani ankatumiza makina awo kumalo oimbira, n'chifukwa chake tili ndi zimbale za Coltrane zojambulidwa ku Village Vanguard mu 1961 ndi ku Birdland mu 1963. Ku Cape Town kunalibe kampani yochita zimenezi kwa oimba akuda. Amene anachita ntchitoyi anali munthu wamba wokonda jazi, Ian Bruce Huntley. Pakati pa 1964 ndi 1974 ankanyamula makina ake a tepi ndi kamera n'kupita kumene oimba akukumana, m'maholo ndi m'makomboni. Anajambula maola opitirira 50 a nyimbo, ndipo Mankunku ali mnyamata akumveka m'matepi amenewo. Matepiwo anakhala osungidwa zaka pafupifupi 40. Mu 2013 zithunzi zake zinatuluka m'buku lotchedwa Keeping Time, ndipo nyimbozo zinaikidwa pa intaneti kuti aliyense amve.

Nacho chimbale cha Yakhal' Inkomo chinasindikizidwanso ndi makampani a ku Britain m'zaka zaposachedwapa, ndipo achinyamata a ku Ulaya ndi ku America amene anabadwa Mankunku atakalamba kale ayamba kumudziwa. Ulemu wafika mochedwa, mwini wake atapita. Koma wafika chifukwa choti mawu ake anasungidwa.

Mmene mungamvetserere

Nyimbo ya "Yakhal' Inkomo" imapezeka pa YouTube, ndipo ndi ya mphindi pafupifupi 9. Kasipika ka foni kamameza mawu a besi, choncho ndi bwino kugwiritsa ntchito mahedifoni kapena kulumikiza foni ku sipika yaikulu. Ngati simunazolowere jazi, musayembekezere kuimvetsa ulendo umodzi.

Ulendo woyamba, gwirani mutu wa nyimbo. Ndi wosavuta, woyenda mosathamanga ngati nyimbo ya m'tchalitchi, ndipo mukhoza kuung'ung'udza mukangoumva kawiri. Ulendo wachiwiri, iwalani sakisofoni n'kutsatira besi yokha, muone mmene Magwaza akugwirira nyumba kuti isagwe. Ulendo wachitatu, mvetserani mbale zachitsulo za Mabuza ndi mmene Pillay akuponyera mawu a piyano m'mipata. Ulendo wachinayi, bwererani kwa Mankunku. Mumve pamene akuchoka pa mutu uja, pamene mawu ake akukhuthala ndi kusasa, pamene akutsikira pansi ngati nkhunzi, ndi pamene akukwera mpaka kung'ambika. Kusasako si kulephera kuuzira ayi. Akuchitira dala, ndi mmero ndi milomo, monga mmene mayi wolira maliro samasalaza mawu.

"Doodlin'" ndi "Bessie's Blues" ndi za mtundu umene amautcha blues. Nyimbo yotere imazungulira pa magawo 12 ofanana kutalika, ikafika kumapeto n'kuyambiranso. Ili ngati munda wa mizere yofanana: mzere uliwonse ndi wotalika chimodzimodzi, koma woimba amadzala zosiyana pamzere uliwonse. Mukagwira pamene mzere ukuthera ndi pamene wina ukuyambira, simudzasocheranso m'jazi.

Nanga athu akusungidwa ndi yani?

Njira imene Mankunku analambula yafikanso kwathu. Moreira Chonguiça ndi Ivan Mazuze, oimba sakisofoni awiri odziwika a ku Mozambique, onse anakaphunzira nyimbo pa yunivesite ya Cape Town, mumzinda womwe uja umene unabisa Mankunku kuseri kwa katani. Lero iwo amaimba poyera m'mayiko ambiri ndi mayina awo enieni.

Koma funso lenileni lili pafupi ndi ife kuposa pamenepo. M'midzi ya m'boma la Moatize ndi m'malire monse muli akuluakulu odziwa kuomba mbalule, kuliza bangwe, kalimba ndi valimba, ndi kuvina nyanga. Ambiri a iwo sanalowepo mu situdiyo, ndipo dzina lawo limathera pamudzi wachitatu. Midzi nayo ikusintha. Mabanja amene anasamukira ku Cateme cha mu 2009 ndi 2010 kuti migodi ya malasha itsegulidwe anachoka pa zifukwa ndi malamulo osiyana kotheratu ndi a ku Cape Town, komabe mudzi uliwonse ukasamuka, magulu a gule amabalalika ndipo nyimbo zina zimatsalira pabwinja. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma satifiketi siisunga kaombedwe ka munthu mmodzi. Zina mwa nyimbo zakale za m'dera lino zimene zilipo lero zinasungidwa chifukwa Hugh Tracey ndi mwana wake Andrew Tracey anayenda ndi makina ojambulira, ndipo matepi awo ali ku South Africa.

Huntley ankanyamula makina olemera. Ife tili ndi foni m'thumba. Ngati m'mudzi mwanu muli katswiri wotere, yambani ndi kupempha chilolezo kwa iye mwini, ndipo pa za gule, kwa mfumu ndi akuluakulu a dambwe, chifukwa pali zina zosayenera kujambulidwa. Jambulani nyimbo yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osati kachidutswa ka pa WhatsApp. Musanayambe, nenani m'foni momwemo dzina la woimba, la anzake onse, mudzi ndi tsiku. Sungani pa malo awiri, chifukwa foni imatayika ndipo memori khadi imawonongeka. Banja la woimbayo lipatseni kope lake. Ngati zojambulazo zidzapite pawailesi, ku bungwe la boma la ARPAC limene limafufuza ndi kusunga za chikhalidwe, kapena kwa wina wofuna kugulitsa, gwirizanani poyera za dzina ndi ndalama, ndipo mulembe pa pepala pali mboni.

Mankunku anabisidwa nkhope, anasinthidwa dzina, ndipo sanadyerere mokwanira thukuta lake. Chimene sanathe kumulanda ndi mawu amene analowa pa tepi mu 1968, ndipo mayina a anthu onse anayi analembedwa pachikuto. Katswiri wa m'mudzi mwanu akuyenera zomwezo akadali moyo.